Madzi a pampopi ku Salima: tiwayeze ndi chiyani, nanga tidalire ndani?

Pa puloti yomwe ndimakhala, chakuseri kwa Kamuzu Road, pali nyumba za lendi zisanu ndi imodzi koma mpopi ndi umodzi. Dzinja lina ana a makomo atatu anayamba kutsekula m'mimba sabata imodzimodzi. Mlandu unayenda khomo ndi khomo: wina anati ndi mango osatsuka, wina anati ndi zitumbuwa za pamsewu, wina anangong'ung'udza kuti "pali wina pano". Madzi okha palibe anawaloza chala, poti anali oyera mbee. Nditayesa kuwatchula, mayi athu a landilodi anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Achimwene, madzi olipira bilu angadwalitse mwana? Si a m'chithaphwi amenewatu."

Chinaulula zonse ndi chinyezi. Kuseri kwa bafa kunali malo osauma ngakhale dzuwa liswe mtengo. Pulambala atakumba anapeza kuti paipi yathu yomwe, ya mkati mwa puloti kupitirira mita, inali itang'aluka pomwe imadutsa m'ngalande ya ku bafa, pafupi ndi chimbudzi. Madzi akamabwera ndi mphamvu ankatulukira pa mng'alu paja. Akasiya, paipi inkayamwa za m'ngalandemo n'kudzatipatsira madzi akabweranso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikufunsa ndi kuyesa njira zodziwira ngati madzi ali bwino. Ndalemba izi poganizira eni mapuloti, makomiti a makiyosiki ndi mijigo, eni maloji a ku Senga Bay, masukulu, ndi banja lililonse la ku Salima kapena Nkhotakota lomwe likufuna kutulutsa ndalama pa chinthu chothandizadi.

Zoyenera kudziwa musanasankhe

Chida chilichonse chimayankha funso limodzi lokha, ndiye yambani mwadziwa funso lanu. Zoyeza m'madzi akumwa zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi tizilombo tochokera m'chimbudzi cha anthu, monga ta kolera, taifodi ndi kamwazi. Ili ndilo limapha msanga. Ife a m'mbali mwa nyanja sitinaiwale mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022, boma n'kuulengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse mu Disembala chaka chomwecho. Unafika maboma onse ndipo unapha anthu oposa 1,700. Oyeza madzi sasakasaka kachilombo ka kolera tsiku ndi tsiku. Amafufuza kena kotchedwa E. coli, komwe kamakhala m'matumbo, chifukwa kakapezeka m'madzi ndiye kuti chimbudzi chalowamo. Muyezo wa bungwe la World Health Organization ndi wosavuta kuloweza: m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi. Kuno kwathu a Malawi Bureau of Standards (MBS) ali ndi muyezo wa madzi akumwa wotchedwa MS 214, ndi wina wa mijigo ndi zitsime, MS 733.

Gulu lachiwiri ndi klorini wotsalira. Madzi a m'mapaipi amathiridwa klorini asanatumizidwe kwa ife. Wina amathera popha tizilombo, wina amatsala n'kumayenda nawo madziwo ngati mlonda wa panjira. Pampopi panu ayenera kufika ali pakati pa mamiligalamu 0.2 ndi 0.5 pa lita, ndipo nthawi ya kolera malangizo amati asachepere 0.5. Kutentha kwa kuno, paipi yaitali, matope ndi thanki ya pamwamba, zonsezi zimamudya. Madzi akada ndiye amalephereratu, chifukwa tizilombo timabisala m'dothi.

Gulu lachitatu ndi michere ndi zitsulo zosungunuka: mchere umene umamveka m'mijigo ina, ayironi amene amafiiritsa ndowa ndi zovala zoyera, fluoride amene akapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita amadetsa mano a ana, ndi nitrate wochokera ku zimbudzi ndi feteleza. Zimenezi sizisintha tsiku ndi tsiku, koma kuwiritsa kapena kuthira klorini sikuzichotsa.

Njira iliyonse ndaiona pa zinthu zinayi: mtengo, kupezeka kwake, kasamalidwe, ndi pomwe ingakupusitseni. Pa mtengo ndikungosonyeza yotsika ndi yokwera, popeza zambiri mwa zida izi zimachokera kunja ndipo zimatsata dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinaziona tokha. Chinanso choti musaiwale ndi malo otungapo madzi oyeza. A pafupi ndi mita, a pampopi pambuyo pa thanki, ndi a m'ndowa ya m'khitchini ndi madzi atatu osiyana, ngakhale bilu yake ndi imodzi.

Njira yoyamba: kudalira a Water Board ndi a zaumoyo

M'matauni a Salima ndi Nkhotakota madzi a m'mapaipi amaperekedwa ndi Central Region Water Board, limodzi mwa mabungwe asanu a madzi oyendera lamulo la Waterworks Act la 1995. Kuyeza madzi pochoka ku thanki ndi m'malo osankhidwa m'mapaipi ndi ntchito ya bungwe lotere. Pambali pake pali ofesi yoona zaukhondo ndi kapewedwe ka matenda ku chipatala cha boma, ofesi ya madzi ku khonsolo, ndi alangizi a zaumoyo omwe amayenda m'midzi ndi m'malokeshoni.

Mtengo: munalipira kale kudzera m'bilu ndi msonkho. Chotsala ndi ya kabaza ndi mayunitsi.

Kupezeka: wa pa boma zimamuyendera mosavuta. Wa ku Chipoka, Lifuwu kapena Dwangwa woyamba kumufikira ndi mlangizi wa zaumoyo wa pa chipatala chaching'ono. Anthu ambiri sadziwa kuti zotsatira za kuyeza madzi mungathe kuzipempha. Lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limapatsa nzika ufulu wopempha uthenga ku mabungwe a boma. Lembani kalata, ndipo ikakhala ya komiti, yokhala ndi chidindo cha amfumu kapena dzina la khansala, imalemera kuposa ya munthu mmodzi.

Kasamalidwe: kope la mapeji 40 ndi bolopeni. Muzilemba tsiku, nthawi yomwe madzi anasiya, nthawi yomwe anabwera, mtundu wake ndi fungo. Pokadandaula tengani nambala ya akaunti ya pa bilu, chithunzi cha pa foni, ndi madziwo m'botolo. Munthu wofika ndi kope lolembedwa masabata atatu amamvedwa mosiyana ndi wongoti "madzi anu aja ndi oipa". Mukaona paipi yaphulika pamsewu, imbani foni tsiku lomwelo, chifukwa pomwe madzi akutulukira lero ndi pomwe matope adzalowere mawa magetsi akazima ndi mapampu kuima.

Pomwe ingakupusitseni: palibe bungwe lomwe lingayeze mpopi uliwonse. Zotsatira zabwino zimanena za paipi yaikulu, pa ola lomwe madzi anatungidwa, basi. Za kupitirira mita, paipi ya m'puloti, thanki ndi ndowa, ndi zanu, monga tinaphunzirira ife. Palinso kupusitsidwa kwa mtundu wina: anthu akamva fungo la klorini amati madzi awonongeka, n'kuthawira ku chitsime chosatetezedwa kapena kunyanja. Fungo limenelo ndi uthenga wabwino. Madzi obwera oyera ngati mkaka nthawi zambiri ndi mpweya chabe. Aikeni m'galasi, mudzaona akuyera kuyambira pansi kukwera m'mwamba pasanathe mphindi ziwiri. Oopa ndi ofiira, a matope, ndi onunkha ngalande.

Njira yachiwiri: kachida koyezera klorini

Apa ndikhalitsapo, chifukwa mwa zonse ndi kameneka kamene ndimaona kuti kamabweza ndalama yake. Ndi kabokosi ka pulasitiki koonekera mkati, kokwana m'thumba la malaya, komwe osamalira maiwe osambira m'maloji amagwiritsa ntchito. M'mbali mwake muli mitundu ya pinki yoyambira wotuwa mpaka wakuda, uliwonse ndi nambala yake. Mumatsegula mpopi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kutsuka kabokosiko ndi madzi omwewo, kudzaza, kuponyamo piritsi limodzi lolembedwa DPD 1, kutseka ndi kukhutchumula. Ngati muli klorini, madzi amasanduka pinki. Mumayerekeza ndi mitundu ija poyera, nthawi yomweyo, osachedwa.

Tsiku loyamba lomwe tinakayesa pa puloti pathu, paipi itakonzedwa, akazi onse anasiya zochapa n'kubwera kudzaonerera. A pampopi anatuluka pinki wotuwa, pafupi ndi 0.2. Kenako mtsikana wina anabweretsa a m'ndowa ya mayi a landilodi, ogona usiku, kapu yotungira ikuyandama momwemo. Piritsi linasungunuka, madzi ali mbee. Tinayesanso kachiwiri, chimodzimodzi. Mayi aja anangogwira pakamwa. "Ndiye mlonda uja anathawa usiku?" Tsiku lotsatira anabwera ndi ndowa ya mpopi yokhala ndi chivindikiro kuchokera kumsika, ndipo palibe anawauza.

Mtengo: kabokosi mumagula kamodzi. Ndalama yopitirira ndi ya mapiritsi, limodzi pa kuyeza kulikonse. Kwa banja limodzi ingaoneke yambiri, koma makomo asanu ndi limodzi akasonkherana ndi yochepa, ndipo palibe njira ina yopereka yankho lenileni pa mtengo wotsika chonchi.

Kupezeka: musakafune m'golosale. Kamapezeka ku Lilongwe m'masitolo ogulitsa zipangizo za maiwe osambira ndi za m'labotale. Pogula funsitsani kuti mapiritsi ndi a DPD 1, chifukwa DPD 3 amayeza zina. Gulani ambiri nthawi imodzi, ulendo wa pa msewu wa M14 chifukwa cha mapiritsi khumi okha sungapindule.

Kasamalidwe: mapiritsi amaopa chinyezi ndi kutentha, ndiye asakhale pa windo kapena pafupi ndi mbaula. Onani deti yothera ntchito. Musagwire piritsi ndi zala. Kabokosi katsukidwe ndi kuumitsidwa pamthunzi, poti dzuwa limasuluza mitundu yoyerekezera ija. Ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika wosunga kope la zotsatira. Cha aliyense chimasowa mwini.

Pomwe kangakupusitseni: sikaona tizilombo. Kamangokuuzani ngati mlonda alipo kapena palibe. Pinki wokwanira m'madzi oyera ndi chizindikiro champhamvu, koma pali tizilombo tina, monga Cryptosporidium, tomwe klorini wa muyezo umenewu sapha. Pa mjigo kapena chitsime chosathiridwa klorini n'kutaya mapiritsi, chifukwa yankho lidzakhala ziro nthawi zonse. Klorini akachulukitsitsa, monga mukangotsuka thanki, pinki amabwera n'kuzimiririka pomwepo, munthu n'kuganiza kuti mulibe. Mphuno yanu ikamatsutsana ndi kabokosi, sungunulani madziwo ndi ena n'kuyezanso. Mabokosi ambiri ali ndi mbali yachiwiri yoyezera pH, womwe ndi muyezo wa asidi wa m'madzi, ndi piritsi la phenol red. Musainyoze, chifukwa pH ikapitirira 8 klorini amagwira ntchito mwaulesi.

Njira yachitatu: kabotolo kakuda

Dzina lake lenileni ndi H2S test, njira yomwe inayambira ku India mu 1982 poganizira malo opanda labotale. Ndi kabotolo kotsekedwa kokhala ndi mankhwala kapena kapepala konyika m'mankhwala. Mumathiramo madzi mpaka pa mzere, kutseka, n'kukasunga pamalo ofunda kwa tsiku limodzi kapena awiri. Madzi akasanduka akuda bii, muli tizilombo ta mtundu wopezeka m'chimbudzi. Kutentha kwa Salima ndi Nkhotakota kumakayenera kabotoloka, sikafuna magetsi. Mu Juni ndi Julayi kokha, mwera ukamawomba usiku n'kuzizira, kasungeni m'nyumba ndipo mudikire masiku awiri onse.

Mtengo: kuyeza kumodzi n'kokwera kuposa piritsi la klorini koma n'kotsika kwambiri poyerekeza ndi labotale. Kabotolo kalikonse kamagwira ntchito kamodzi.

Kupezeka: apa ndiye pali vuto lake. Si katundu wa pa shelefu. Nthawi zambiri amafika kudzera m'mabungwe ogwira ntchito za madzi ndi ukhondo kapena mwa kuitanitsa kwa ogulitsa zipangizo za m'labotale. Funsani ku ofesi ya madzi ku khonsolo musanayambe kudalira njira imeneyi.

Kasamalidwe: osungidwa pouma ndi pozizira amakhala miyezi ingapo. Potsegula musagwire kukamwa kwa botolo kapena mkati mwa chitsekero, mungadetse nokha n'kunamizira madzi. Lomwe lada ndi nkhokwe ya tizilombo: thiranimo klorini, tayani m'chimbudzi chokumba, sambani m'manja, ndipo ana asaliseweretse.

Pomwe kangakupusitseni: kamangoti "inde" kapena "ayi", sikawerenga kuchuluka. Madzi a pansi pa nthaka nthawi zina amakhala ndi tizilombo ta m'dothi tomwe timadetsanso botolo popanda chimbudzi, choncho mjigo wabwino ungathe kunamiziridwa. Kabotolo kamodzi kakuda si chifukwa chokhomera mjigo wa mudzi wonse. Ndi chifukwa chothira klorini m'nyumba ndi kuitana a zaumoyo. Koma pa msonkhano wa komiti palibe choposa kameneka. Nambala anthu amatsutsa, botolo lakuda lochokera m'mtsuko wa m'nyumba mwawo satsutsa.

Njira yachinayi: labotale

Uku ndi komwe kumachokera nambala zomwe mungaonetse kwa wina aliyense. Pofufuza tizilombo amasefa mamililita 100 pa kapepala kosefera, kukaika pa chakudya cha tizilombo, kusunga pa kutentha kwa madigiri 44 kwa pafupifupi tsiku, n'kuwerenga timadontho tomwe tamera. Michere ndi zitsulo amayeza ndi makina ena.

Mtengo: ndi njira yokwera kuposa zonse, ndipo amalipiritsa malinga ndi kuchuluka kwa zomwe mukufuna ayeze. Onjezerani thiransipoti, ayisi ndi tsiku lanu lathunthu. Pemphani mtengo wolembedwa musananyamuke, ndipo musavomere mndandanda wautali wa zinthu zomwe simukuzifuna. Pa madzi a pampopi, E. coli, kuda kwa madzi, pH ndi klorini ndi poyambira pokwanira. Pa mjigo onjezerani fluoride, ayironi, nitrate ndi mchere.

Kupezeka: unduna woona za madzi uli ndi Central Water Laboratory ku Lilongwe, ndipo a Malawi Bureau of Standards nawonso amayeza. Kuchokera pa boma la Salima kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100. Magulu ena ogwira ntchito za madzi amayenda ndi labotale ya m'sutikesi, monga ya DelAgua, yomwe imachitira zonse pamalopo. Ikafika m'dera lanu, komiti isagone.

Kasamalidwe: chida simusunga, koma katungidwe ndiye zonse. Madzi ofufuza tizilombo amafuna botolo lophedwa tizilombo lochokera ku labotale komweko, osati la fanta lotsuka. Ngati madziwo ali ndi klorini, botololo liyenera kukhala ndi mankhwala omuziziritsa, apo ayi amapitiriza kupha tizilombo m'njira n'kufika zonse zili bwino. Aikeni mu kulabokosi ya ayisi ndipo afike mkati mwa maola 6, akachedwetsetsa 24. Wa ku Nkhotakota wokwera minibasi yoima paliponse pa M5 awerengere bwino nthawi. Imbani kaye, musafike Lachisanu madzulo.

Pomwe ingakupusitseni: pepala la zotsatira limanena za botolo limodzi la tsiku limodzi. Ndinaonapo loji ina itakhoma pepala lotere m'felemu pakhoma, deti yake ya zaka zingapo zapitazo, thanki yake ili yosavindikira, mbalame zikumwera momwemo. Madzi otungidwa mu Okutobala sanena kanthu za Febuluwale, Linthipe kapena Bua atasefukira ndi zimbudzi zitadzaza. Ngati ndalama ikukwanira kuyeza kamodzi kokha pa chaka, kukhale m'dzinja.

Njira yachisanu: kamita ka TDS

Ndikuitchula chifukwa ndi yomwe imatsatsidwa kwambiri pa Facebook ndi WhatsApp. Ndi kachida ngati cholembera chachikulu. Mumakaviika m'madzi, kamaonetsa nambala. Mtengo wake ndi wotsika, kupezeka n'kosavuta, kusamalira ndi mabatire basi. Vuto ndi lakuti kamayeza michere yosungunuka yokha. Madzi odzaza tizilombo ta kolera angathe kuonetsa nambala yotsika yokongola, pomwe a mjigo wabwino wa kamchere pang'ono n'kuonetsa yokwera. Ntchito yake yeniyeni ndi yochepa: kuyerekeza mchere wa mijigo iwiri, poti madzi a pansi pa mamiligalamu 600 pa lita amamweka bwino ndipo opitirira 1,000 amayamba kuvuta kukamwa, kapena kuona ngati makina osefera mchere akugwirabe ntchito. Chenjeraninso ndi ogulitsa makina amene amaviika timitengo tachitsulo ta magetsi m'madzi anu, madziwo n'kufiira. Kufiirako n'kwa chitsulo chawo chomwe chikusungunuka, si umboni wa litsiro la madzi anu.

Iti ikuyenera ndani

Banja limodzi la lendi, lotunga pampopi wa bungwe: musagule chida panokha. Ndalamayo ipite ku ndowa ya mpopi ndi chivindikiro, kuti kapu ndi manja zisamalowe m'madzi akumwa. Madzi akabwera atasiya, oyambirira apite ku maluwa kapena kokolopera, mutunge akumwa akayera. Oti agone m'nyumba athireni WaterGuard monga zalembedwera pa botolo, kachitsekero kamodzi pa malita 20, ndipo mudikire mphindi 30. Klorini wosungunula amene alangizi a zaumoyo amagawa agwiritseni pa muyezo womwe iwo akuuzani. Kope lija la njira yoyamba likukwanirani.

Mwini puloti kapena nyumba ya thanki ya pamwamba: njira yachiwiri. Yezani kamodzi pa sabata, komanso nthawi iliyonse madzi akabwera atasiya, pafupi ndi mita ndi pambuyo pa thanki. Pinki akakhalapo pa mita koma n'kusowa pambuyo pa thanki, musavutike kupita ku ofesi, kwerani mukaone chivindikiro ndi matope a pansi. Akamasowa pa mita pomwe masiku angapo otsatizana, tengani kope mupite nalo ku Water Board ndi kwa a zaumoyo. Pulambala akakonza paipi, kabotolo kakuda kamodzi kadzakuuzani ngati ntchito yatheka.

Komiti ya kiyosiki: njira yachiwiri m'mawa uliwonse musanayambe kugulitsa, zotsatira zilembedwe pa bolodi pomwe otunga aziona. Pa malo otungira anthu ambiri, nthawi ya kolera malangizo amakweza klorini kufika pa 1.0, chifukwa madziwo akupita m'zigubu zomwe simukudziwa kuti zinatsukidwa liti. Ndalama ya mapiritsi ilowe m'mabuku a kiyosiki ngati ya loko ndi ya mlonda.

Komiti ya mjigo, kapena banja lomwe limathawira ku mjigo mpopi ukauma: kachida ka klorini sikakuthandizani pa mjigowo. Kabotolo kakuda mvula ikayamba ndi pambuyo pa kusefukira kwa madzi, ndi labotale kamodzi kuti mudziwe za fluoride, ayironi ndi nitrate, makamaka ngati ana ambiri a m'deralo ali ndi mano a mawanga kapena zimbudzi zayandikira. Simenti yong'aluka pozungulira mjigo ndi ngalande yotsekeka sizifuna chida chilichonse, maso akukwanira.

Loji, lesitilanti, sukulu yogonera konko kapena kiliniki: njira yachiwiri tsiku lililonse, labotale nthawi ndi nthawi, kamodzi m'dzinja mosalephera. Ngati mumapopa madzi kunyanja kapena pa mjigo wanu kuonjezera a bungwe, mapaipi awiriwo asakumane, ndipo madzi anuwo ndinu nokha amene mukuwayang'anira. Ogula madzi a m'mabotolo aone chidindo cha MBS ndi chitsekero chosatsegulidwa, ndipo makina oikapo botolo la malita 20 nawonso amafuna kutsukidwa.

Pakhomo pali khanda, mayi woyembekezera, gogo kapena wodwala. Kapena madzi asefukira. Kapena mwamva kuti kolera yagwa m'dera: musadikire zotsatira za njira iliyonse mwa izi. Wiritsani madzi mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi, kapena thirani klorini. Akakhala a matope asefeni kaye ndi nsalu yoyera ndi kuwasiya adikhe. Wina akayamba kutsekula m'mimba mwa madzimadzi ngati otsukira mpunga, mpatseni Thanzi ORS wosungunula m'madzi otetezedwawo, azimwa ali pa kabaza popita kuchipatala.